A Dorofe ndi Nteke Yawo

Tiyi amene tinamwa pa maliro a mayi anga aakulu, a Dorofe, anali wochititsa manyazi. Madzi otuwa mbuu, shuga wongonunkhiritsa, masamba ochita kupemphetsa. Nditangomwako kamodzi ndinacheukira kukhomo kwa nyumba yawo, kudikira kuti atuluke adzalande ketuloyo n'kukakhuthulira pa nthochi. Akanatero ndithu, ngakhale maliro anali awo omwe. Ankati tiyi woti ukasuzumira m'kapu n'kuona pansi pake si tiyi ayi, ndi misozi ya munthu waumbombo.

Anali akulu awo a mayi anga, bere limodzi. Anabadwira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, kumene makolo awo anafikira pochokera ku Mozambique, ndipo anayamba kutchola tiyi ali namwali n'kudzasiya mutu utayera kale. Atapuma ntchito anakakhala kumudzi kwa Khwethemule. Koma kupumako kunali kwa pakamwa chabe, chifukwa kuseri kwa nyumba anali ndi kamunda kawokawo ka tiyi, ndipo m'mawa uliwonse, kaya kuli dzuwa kaya chiperoni, unkawapeza m'menemo dengu lili kumsana, akukalipira mitengo yochedwa kuphukira ngati ana aulesi.

Anali aafupi, othamanga poyenda. Ukafuna kumva nkhani yonse unkayenera kuwalondola, chifukwa ankaiyambira pakhonde n'kukaimalizira kuseri kwa khola. Sankabisa Chichewa. Mbusa akatalikitsa ulaliki, ankatsokomola mpaka amve. Mkamwini akaonda, ankafunsa pagulu ngati kwawo kulibe chinangwa. Wailesi ankakangana nayo, nkhuku ankaziimba milandu, ndipo malemu amuna awo, a Juwawo, ankati anakwatira mkazi mmodzi koma m'nyumba mumamveka ngati mitala.

Chimene sankachilekerera n'komwe ndi munthu wopanda mwambo. Wodutsa pakhomo osapereka moni ankamubweza ngakhale atafika kale kumjigo, adzayambirenso kudutsa bwinobwino. Ndege nayo sinkapulumuka. Lilime lawo lachilomwe linkaitchula kuti nteke, ndipo ikamadutsa m'mwamba muja, kadontho chabe, ankaimika ntchito, dzanja pachipumi, n'kuidzudzula. Ati anthu amenewo analeredwa kuti, odutsa pamutu pa anzawo osanena n'komwe kuti zikomo.

Koma mkangano wawo waukulu, umene unakhala zaka zambiri kuposa ukwati wawo, unali ndi a Felesiya.

Nkhaniyi inayamba ine ndisanabadwe, koma ndaimva kambirimbiri moti ndimachita kuiona. Onse awiri anali atsikana, akutchola pa esiteti imodzi. Potchola tiyi aliyense amakhala ndi mzere wake. A Felesiya anali aatali, manja ngati mitengo yogwetsera mapapaya, ndipo ankati akatambasula dzanja n'kubudula nsonga zanthete za mumzere wa a Dorofe. A Dorofe anawachenjeza, osamva. Ndiye tsiku lina ali pamzere wa ku sikelo, kapitawo atayamikira kulemera kwa dengu la a Dorofe, a Felesiya ananena mokweza kuti madengu a anthu aafupi amalemera chifukwa eni ake ali pafupi ndi miyala. Mbama imene inalira pamenepo akuti inamveka mpaka ku fakitale. A Dorofe anachita kudumpha kuti afikire tsayalo, ndipo potera chala chawo chaching'ono cha kudzanja lamanja chinali chitakhota. Sichinawongokenso. Iwo ankati tsaya la a Felesiya ndi mwala wa mphero. A Felesiya ankati ndi chiweruzo cha Mulungu.

Ndiye onani zochita za dziko. Onse atapuma ntchito anapezeka kuti ndi oyandikana nyumba, pakati pawo pali kampanda ka nandolo basi. Tsiku silinkapita osakangana: nkhuku yalowa m'dimba, peyala lagwera mbali yolakwika, utsi wabwera dala. A Felesiya amapemphera Loweruka ndipo tiyi salawa n'komwe. Choncho a Dorofe ankayamba aona kumene mphepo ikulowera asanatereke ketulo, n'kukhala pamalo poti fungo lonse liwolokere kwa mnzawoyo. Akatero ankamwa mopsontha, mokweza.

Ine ndimakhala ku Blantyre, ndipo ntchito yanga ndi yolemba. Ina mwa ntchito zimene ndimapatsidwa ndi kulemba nkhani za m'magazini ya kampani ina ya ndege, ija imakhala m'kathumba ka kumbuyo kwa mpando kuti apaulendo aziwerenga ali m'mwamba. Nkhani zake ndi zokopa alendo: malo okongola, zakudya, anthu akumwetulira. Chaka china akonzi anandiuza kuti akufuna nkhani ya tiyi wa ku Thyolo, yokhala ndi chithunzi chachikulu cha munthu wotchola. Ndinati munthuyo ndili naye kale, musavutike.

Nditawafotokozera mayi aakulu, anayamba andifunsa mafunso ngati apolisi. Magaziniyo amawerenga ndani? Imakafika kuti? Nditatchula Joni, Nairobi ndi kwina, anakhala pansi, chinthu chimene sankachita wamba.

“Andipatsa masamba anayi, amayi,” ndinatero monyadira.

“Anayi? Iwe Thoko, unakulira kuti? Masamba anayi ndi okhwima, ku fakitale amabweza. Abwino ndi awiri ndi kansonga.”

“Ndikunena masamba a magazini.”

“Tsamba ndi tsamba. Ndatchola masamba moyo wanga wonse, lero tsamba likufuna kunditchola ine. Chabwino. Uwauze kuti ndavomera kukwera.”

Mawu akuti kukwerawo ndinawamva, koma ndinangoseka. Ndikanadziwa!

Patsiku lojambula ndinabwera ndi a Kumwenda, wojambula wathu, bambo wofatsa amene wajambulapo nduna ndi njovu osanjenjemera. Tinafika m'mamawa kuti tipeze nkhungu isanachoke m'mapiri. A Kumwenda anali atandiuza m'galimoto chimene ankafuna: gogo ali m'munda, chiguduli m'chiuno, dengu kumsana, mame ali mbee. Titaimika galimoto, chitseko cha nyumba chinatseguka, ndipo munatuluka munthu amene ine ndemwe ndinayamba ndamuyang'anitsitsa. Chilundu chatsopano chobiriwira, bulauzi yoyera yochita kuthobwa m'maso, duku lomangidwa mosongoka, nsapato zakuda za ku tchalitchi, ndolo, ndi chikwama cholendewera pamkono. Fungo la mafuta odzola linatilonjera tisanapereke moni.

A Kumwenda anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhuku.

“Agogo, mwatchena ndithu,” anatero mwaulemu. “Koma timafuna muvale zimene mumavala potchola tiyi.”

“Achimwene, inu pokwera nteke mumavala chiguduli?”

“Ayi, koma si inuyo mukukwera, ndi chithunzi chabe.”

“Chithunzicho n'cha ndani?”

“Chanu.”

“Ndiye mukuti ndikafike ku Joni ndi zigamba, anthu akanene kuti kwa Khwethemule kulibe sopo? Asa! Zigamba ndavala zaka zonsezi, zikwanira. Azungu a pa esiteti anandiona nazo, makapitawo anandiona nazo. Awa a m'mwambawa andione nditasamba.”

Anakambirana mpaka nkhungu inatopa n'kuchoka. Pomaliza anagwirizana pakati: zovala zikhala zomwezo, koma dengu abereka. Chikwama anakana kusiya, ati mlendo sayenda manja lendelende. Choncho analowa m'munda ndi nsapato za ku tchalitchi, dengu kumsana, chikwama pamkono, n'kuima chilili ngati msilikali, nkhope ili gwa. Kumwetulira anakana, ati pa chithunzi cha ulendo munthu saseka. A Kumwenda anajambula, kujambula, thukuta kamukamu. Kenaka anati, “Tsopano agogo, tangotisonyezani m'mene mumatcholera.” Manja aja atangokhudza tiyi anaiwala kuti pali alendo. Anayamba kuthamanga okha pamwamba pa mitengo, thyo thyo thyo, uku ndi uku. A Kumwenda anagwada n'kuyandikitsa kamera, ndipo ine sindinaganizepo kanthu.

Zimene zinachitika titachoka ndinazimva kwa mayi anga pa foni, akuseka mpaka kutsamwa. A Dorofe anavalanso chilundu chija n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kutsanzika. Kwathu munthu sapita ulendo wautali osatsanzika. Umafika pakhomo, kukhala pansi, kupatsidwa moni, kenaka n'kunena kuti ndati ndikutsanzikeni, mungadzandifune. Iwo anachita zonsezo mwadongosolo lake, kuyambira kwa amfumu, kwa abusa, kwa amayi a chigwirizano, mpaka kwa mnyamata wowotcha tchipisi pamsewu. “Ndati ndikutsanzikeni, ndikukwera nteke.”

Musaganize kuti anali atasokonezeka mutu. Ankadziwa bwino lomwe kuti thupi lawo silichoka pakhomo. Koma ankati nkhope ya munthu ikakagona kudziko lachilendo mwini wake osauza anansi, ndiye kuti munthuyo ndi mbuzi. Ndipo mudzi unavomereza! Anthu anayamba kubweretsa kamba wa paulendo: uyu phava la nthochi, uyu mapeyala, uyu chinangwa chophika, wina kambale ka nyemba za kalongonda. Amene ali ndi ana ku Joni anapereka mauthenga. Mayi wina anati akamuuze mwana wake kuti denga likudontha. A Dorofe anayankha kuti pakamwa sakatsegula, koma mnyamatayo akakangowaona nkhope adzakumbuka yekha kuti ali ndi kwawo.

Khomo lomaliza linali la a Felesiya. Kumeneko sanakhale pansi. Anaima pa mpanda wa nandolo.

“Mayi inu, ndikukwera nteke. Nkhuku zanga ndikuzidziwa zonse ndi mawanga omwe.”

“Nteke yake iti yonyamula anthu osafikira pa mpando?” anayankha a Felesiya, osadzutsa mutu pa lichero. “Pitani. Tidzaona ndi maso.”

Mawu amenewo, tidzaona ndi maso, ndiwo anandisowetsa mtendere. Mudzi wonse unali utatsanzikidwa, kamba ataperekedwa. Nkhope ija ikanapanda kutuluka m'magazini, mayi anga aakulu akanayenda bwanji pamsewu wa kwa Khwethemule? A Felesiya akanawaseka mpaka kumanda.

Kamba uja anamutumiza kwa ine pa minibasi, ati ndikapatse oyendetsa nteke. Ndinakamutula ku ofesi.

Akonzi athu ndi mayi wodziwa ntchito yake, koma kuuma mutu ndi a Dorofe sasiyana. Anayang'ana zithunzi zija pa kompyuta chimodzichimodzi, akudya nthochi za kamba yemwe uja. Atafika pa chithunzi cha chilundu ndi chikwama anaseka mpaka kupukuta misozi.

“Thoko, awa akupita ku chinkhoswe kapena akutchola tiyi? Mlendo akaona apa adzati tachita sewero.”

Anapitirira, kenaka anaima. Pa kompyuta panali manja okhaokha. Manja akuda, okwinyika, mitsempha ili tolotolo, atagwira masamba awiri ndi kansonga, kumbuyo kuli kubiriwira kosaoneka bwino. Kunena zoona chinali chithunzi chokongola zedi, ndipo ndinadana nacho nthawi yomweyo.

“Ichi,” anatero akonzi.

Ndinawafotokozera zonse: kutsanzika, kamba, a Felesiya. Ndinapempha kuti aike ziwiri, china chaching'ono pakona. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinanena kuti nthochi mukudyazo ndi za mayi ameneyo. Anandimvera chisoni ndithu, koma anati malo palibe. Hotela ina inali itagula masamba awiri kuti ilengezepo malonda ake, ndipo nkhani yanga inafupikitsidwa. Ndime imene munali dzina la a Dorofe inapita ndi lumo lomwelo. Pansi pa chithunzi panangolembedwa m'Chingerezi kuti manja a wotchola tiyi, Thyolo.

Magazini itatuluka ndinayesa kuwachenjeza pa foni. Koma a Dorofe foni ankaiona ngati chimkuzamawu cha pa msonkhano: ankakuwiramo zawo n'kudula.

“Amayi, chithunzi chija…”

“Ndikuchidziwa, ndinalipo pojambula. Ubwere Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.” Thi, foni yadulidwa.

Ndinatsika minibasi pa Makwasa n'kukwera njinga yamoto, magazini ili m'chikwama, mtima uli m'malere. Tikukhota pa mtengo wa peyala ndinamva nthungululu. Abale inu! Pabwalo panali podzaza. Munthu amene anatsanzika amayenera kulandiridwa akabwera, ndiye anthu anabwera kudzalandira wapaulendo. Panali ndowa ya thobwa, mabenchi obwereka ku tchalitchi, ndipo pakati pa onse, pampando wa ndalema, panali a Dorofe m'chilundu chobiriwira chija, chikwama pamiyendo. A Felesiya sanalowe pabwalo. Anakhala pa chitsa mbali yawo ya mpanda, akusenda chinangwa, makutu ali kuno.

Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kutsegula pa tsamba lake. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Anayang'ana. Anatembenuza tsamba, napeza hotela ndi dziwe losambiramo. Anabwerera. Anatembenuzira kumbuyo, napeza wotchi ya pamkono. Anabwereranso. Pabwalo ngakhale ana anasiya kutafuna.

“Thoko.”

“Amayi.”

“Ine ndili kuti?”

“Ndi manja anuwo, amayi.”

“Manja ndawaona. Ndikufunsa mwini wake. Duku langa lili kuti? Ndatsanzika mudzi wonse, inu n'kukweza manja okha, thupi n'kulisiya pa siteji?”

Mawu awo sanakwere monga mwa masiku onse, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Sindinawaonepo chotero, ngakhale pa maliro a amuna awo. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Magazini inayamba kuyenda m'manja mwa anthu. Aliyense ankayang'ana, n'kunena kuti “Eee, koma ndiye zokongola,” ndi mawu aja timanenera mwana wa mnzathu akalephera mayeso. Kenaka bambo wina amene anali atadutsira kokamwa kachasu ananena chimene ena ankangoganiza. “Komatu manja awa angakhale a aliyense. Thyolo yense ndi manja okhaokha otere. Dzina lili pati?”

Wina anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. A Dorofe anaweramitsa mutu, n'kubisa manja awo pansi pa chikwama.

“Tabweretsani kuno.”

Anali a Felesiya. Anali ataimirira, mpeni uli m'manja, dzanja lina atalitambasula pamwamba pa nandolo. Ndinati basi, kwatha, lero ndiye atimaliza. Mwana wina anawapititsira. Anapukuta manja pa chitenje, anaitalikitsa magaziniyo ndi maso monga amachitira okalamba, n'kuyang'ana nthawi yaitali, yaitali zedi. Kenaka anaolokera mbali ya kuno, kudutsa pa mpanda umene sanaudutsepo chimangireni nyumba, n'kukaima pamaso pa bambo woledzera uja.

“Iwe, wati manja a aliyense? Taona chala ichi.” Analoza ndi nsonga ya mpeni. “Ukuchiona kukhota kwake? Chala chimenechi chinakhotera pano.” Anadzimenya patsaya. “Pano! Ku sikelo, anthu akuona. Khutu ili linalira mpaka mvula inatha. Ndiye iwe ukandiuze ine kuti sindikudziwa dzanja limene linandimenya? Awa ndi manja a Dorofe. Ndingawazindikire ngakhale mumdima. Akwera nteke, ndipo amene akutsutsa abwere atsutsane ndi tsaya langa.”

Kunabuka chiphokoso. Nthungululu, kuseka, ena kugwa pa benchi. Magazini inayambanso ulendo, tsopano aliyense akufuna kuona chala. Amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo. Wina anawatulutsa dzanja a Dorofe pansi pa chikwama n'kuliika pambali pa chithunzi, ndipo anthu anaombera m'manja ngati chigoli.

A Dorofe anadzuka pang'onopang'ono, anakonza duku, n'kuyang'ana mdani wawo kuchokera kumapazi mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu kwa munthu wamfupi.

“Mwaponda nandolo wanga,” anatero.

“Ndi wanga nandoloyo.”

“Mpatseni thobwa munthuyu, wayankhula zanzeru koyamba chibadwire.”

Ine sanandikhululukire msanga. Pondiperekeza madzulo anandiuza kuti ulendo wina ndikakweze munthu yense, osati zidutswa ngati nyama ya pa butchala. Atamva kuti nkhaniyo inatsala masamba awiri, anati ndinakuuza, anayi amabweza. Kenaka anandifunsa kuti magaziniyo ikhala m'ndege mpaka liti. Ndinati miyezi ingapo, mpaka itatuluka ina. Anangoti “Oho,” ndipo ndinaona kuti m'mutu mwawo mwalowa kanthu.

Kuyambira tsiku limenelo mayi aja anapeza chothawira ntchito iliyonse imene sankaifuna. Amayi a chigwirizano akati tikasese ku tchalitchi, iwo ankayankha kuti pepani, manja anga ali ku Joni. Pa ukwati akawapatsa mbale zoti atsuke, ati manja sanabwere, ali m'nteke. Mayi anga atawapempha kuti awathandize kutong'ola chimanga, anawauza kuti adikire, mwina Lachisanu atera pa Chileka. Koma m'mawa uliwonse manja omwewo ankapezeka m'munda wa tiyi, ndipo wina akawafunsa ankati awa ndi obwereka. Ndege ikadutsa sankaidzudzulanso. Ankaikwezera dzanja lokhota chala lija, n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti muja muli anthu odziwana nawo.

Magazini ina itatuluka sindinawauze, ndipo iwo sanafunse. Manja aja anakhala m'mwamba mpaka chaka chino.

Anamwalira mwezi watha, m'mawa, nyengo ya mvula tiyi ataphukira kwambiri. Anatchola dengu limodzi, anakalitula pamthunzi, n'kukhala pansi kutsamira peyala. Mdzukulu wawo powapititsira tiyi anapeza atapita kale. Sanadwale, sanadandaule, sanakangane ndi aliyense tsiku limenelo, chinthu chimene anthu akuti chikanayenera kutichenjeza.

Pokonza za maliro abale anasowa chithunzi chabwino choika patsogolo pa bokosi. Ndinaimbira a Kumwenda, ndipo anali akuchisungabe. Anachitsukitsa chachikulu n'kubwera nacho okha, ulendo wonse wochokera ku Blantyre. Ndi chija akonzi anachiseka: chilundu chobiriwira, duku losongoka, dengu kumsana, chikwama pamkono, nkhope ili gwa. Anthu pochiona ankalira n'kuseka nthawi imodzi. Ine ndinalira kwambiri, chifukwa aka kanali koyamba kuti anthu awaone athunthu, atasamba, monga ankafunira.

Ndinabwererako sabata yatha kukathandiza kusesa. Nyumba ndi yotseka. Nkhuku anagawana abale, ndipo pabwalo pamera kale bonongwe. Kamunda ka tiyi ndiko kandimvetsa chisoni. Tiyi sadikira maliro. Nsonga zaphuka, zatalika, masamba afika anayi, asanu, okhwima okhaokha, ndipo tinjira timene ankadutsamo pakati pa mizere tayamba kutsekeka. Pa mafuwa a panja pali phulusa lonyowa ndi mvula.

A Felesiya ndinawapeza atakhala pa chitsa chawo, mbali yawo ya mpanda, manja ali pamiyendo, opanda chosenda. Ndinawapatsa moni, anayankha. Tinayang'ana khomo lotsekalo.

“Mayi ako analibe mwambo,” anatero kenaka. “Ulendo wabodza anazungulira mudzi wonse. Weniweniwu, ine ndili pompano, osabwera n'komwe pa mpanda kudzanena kuti ndapita.”

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mokalipa. Peyala linagwa mumtengo, linagubuduka n'kukaima pakati penipeni pa nandolo. Tonse tinaliyang'ana. Palibe anadzuka kukalitola.